Kadzalidwe ka katsabola kuno ku chigwa cha Shire

Anthu akamadutsa pa mpanda panga kuno ku Nchalo amaima n'kufunsa kuti kodi karoti wanuyu bwanji akungotalika chonchi, ena amati ndi maluwa okongoletsa pakhomo. Si karoti ayi abale, ndi katsabola, pa paketi ya mbewu amalemba kuti Dill. Masamba ake ndi ang'onoang'ono ngati ulusi, ofanana ndithu ndi a karoti chifukwa ndi apachibale, banja limodzi ndi koriyanda ndi pasile. Dzinali lisakupusitseni, sawawa ngati tsabola olo pang'ono, iye ntchito yake ndi kununkhira basi. Opita ku tchalitchi mawuwa munawamvapo pa Mateyu 23:23 pamene Yesu akudzudzula Afarisi za chakhumi, ndiye mbewu yake ndi imeneyi. Azimayi inu fungo lake mukulidziwa kale osazindikira, ndi lija la gripe water amene timamwetsa makanda, mankhwala amene anayamba kupangidwa ndi William Woodward ku England mu 1851 ndipo muli mafuta a njere za katsabola. Ukangofikisa tsamba n'kununkhiza umangokumbuka nthawi yolera.

Nde tiyeni tiyambe, koma ndiyamba ndi chimene chinandigwetsa ine.

Choyamba, nthawi yofesa

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse kwa ife a kuno kumunsi. Katsabola kwawo ndi kumaiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean ndi kumadzulo kwa Asia, amakonda nyengo yozizirirapo, njere zake zimamera bwino nthaka ikakhala pa madigiri 15 mpaka 21. Tsopano taganizani Okutobala wa ku Ngabu kapena ku Nsanje pamene kumafika madigiri 40 n'kupitirira, mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa. Kukatentha chonchi katsabola samwalira msanga ayi, chimene amachita ndi kuthamangira maluwa. Amatulutsa phesi lalitali, masamba awiri atatu, kenako maluwa, basi nkhani yatha, iwe wangothirira ulere.

Ine chaka choyamba ndinafesa mu Seputembala chifukwa ndi pamene mlamu wanga anandibweretsera mbewu kuchokera ku Limbe ndipo mtima sunandilole kudikira. Pasanathe mwezi ndi theka zonse zinali maluwa okhaokha, zazitali ngati chikhatho ndi theka, ndinakolola masamba osadzaza olo kapu. Akunyumba anandiseka mpaka kkkk, amvekere madzi onse aja mumatunga aja munali kuthirira udzu eti.

Ndiye kuno fesani kuyambira kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi mvula itatha ndi madzi ataphwera m'madimba, mpaka pakati pa Julayi. Juni ndiye mwezi wake weniweni, nthawi ija usiku timafunako bulangete. Mukafesa mu Ogasiti mupezabe kanthu koma kwambiri mudzakolola njere osati masamba. A ku Thyolo ndi ku Bvumbwe angathe kudzala miyezi yambiri chifukwa kumtunda kuja n'kozizira, ife tikangotsika Thabwa malamulo ndi ena, musatengere malangizo a kumapiri osawaganizira. Nthawi ya dzinja musavutike n'komwe, kutentha ndi chinyezi pamodzi zimaoletsa timbewu tikangomera, komanso tonse tikudziwa zimene madzi amatichita kuno, namondwe Ana mu Januwale 2022, namondwe Freddy mu Malichi 2023, bedi la katsabola silingaime pamenepo.

Ndipo musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani mzere umodzi kapena iwiri, pakatha masabata awiri kapena atatu mufesenso, chonchi mpaka Julayi. Tsinde limodzi limapereka masamba abwino kwa masabata ochepa chabe, ndiye woyamba akamapita ku maluwa wachiwiri amakhala akufika pokolola.

Chachiwiri, mbewu

Ya m'paketi imapezeka m'mashopu ogulitsa mbewu za ndiwo zamasamba ku Blantyre, kuno m'maokala a za ulimi mungafunse mpaka kutopa. Njira ina ndi m'mashopu a zokometsera zakudya a amwenye, iwo amati suva kapena sowa, njere zake ndi zaphwatalala, zofiirira, zokhala ndi timizere. Vuto lake zimenezo amasungira kuphikira osati kudzala ndiye mwina zakhalitsa. Yesani kaye, tengani njere 10, kulungani mu kansalu konyowa, ikani pozizira, muzinyowetsa tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri. Zikamera 6 kapena 7 zili bho. Zikamera ziwiri kaphikireni nsomba zotsalazo. Samalaninso asakupatseni mbewu ina yotchedwa fenelo, njere zake ndi zazitaliko, zobiriwira ndipo zimatsekemera mukatafuna, masamba ake amafanana kwambiri ndi katsabola moti mungazindikire mochedwa.

Chachitatu, malo ndi dothi

Amafuna dzuwa, maola 6 kapena kuposerapo, koma kuno dzuwa silisowa, chosowa ndi mthunzi. Sankhani malo oti dzuwa la m'mawa lizimenya bwino koma la masana kuyambira cha m'ma 2 koloko lizitchingika ndi nyumba, mpanda kapena mtengo. Kum'mawa kwa nyumba ndi kwabwino. Pansi penipeni pa mtengo wa nimu kapena wa mango ayi, mizu ya mtengo imamwa madzi onse ndipo katsabola amangoonda n'kumagwa.

Dothi lathu lili mitundu iwiri ikuluikulu. Pali makande akuda aja ngati a ku Ngabu, amene kukagwa madzi amamata ku khasu ndipo kukauma amang'aluka mpaka phazi la mwana kulowa. Katsabola ali ndi muzu umodzi wautali wolowa pansi ngati karoti, sakondwa ndi madzi odikha, ndiye pa makande muyenera kugwira ntchito, gaulani mozama masentimita 30, phwanyani zibuma zonse, thirani mchenga wa kumtsinje ndi manyowa, bedi likhale lokwera pang'ono ngati masentimita 10 kapena 15 kuti madzi azitsika. Pa mchenga ndiye mosemphana, madzi amathawa msanga, bedi likhale lathyathyathya kapena lolowa pansi pang'ono ndi timizere m'mbali kuti madzi asamayenderere, ndipo manyowa muchulutseko. Amene muli ndi dimba m'mbali mwa Shire, Mwanza kapena ku Dabanyi komwe madzi amasiya dothi lofewa lija, inu ndiye mwaphula, kungosalaza n'kufesa.

Bedi m'lifupi mita imodzi kuti muzifika pakati osapondapo. Manyowa ndowa imodzi pa mita imodzi ndi okwana. Ng'ombe kuno zilipo zambiri, manyowa si vuto, koma atengeni a m'khola lakale owolerana, akuda, osanunkha. Ndowe zaziwisi zimawotcha timizu komanso zimadza ndi njere za udzu zosawerengeka. Feteleza ine sindithira. Mukamuthira yuriya amakula msanga, wobiriwira bwino, koma wofewa, amagwa ndi mphepo ndipo fungo lija limachepa, tsono katsabola wopanda fungo ndi wachani.

Opanda malo, ndowa yobooka ija kapena chigubu cha malita 20 chodula pamwamba chikwana, bola kuya kwake kusachepere masentimita 30 chifukwa cha muzu uja, boolani pansi, dzalani mapando atatu kapena anayi. Ubwino wake kukayamba kutentha mumangonyamula kukaika pa mthunzi. Chigubu chakuda chimatentha kwambiri, chikulungeni ndi saka.

Musanafese mangani mpanda. Ndikubwereza, musanafese. Mapira ndi thonje zikakololedwa mbuzi zimangotayiriridwa, nkhuku nazo zikaona bedi lonyowa zimapalasa ngati zalembedwa ganyu. Mabango kapena mapesi a mapira akwana, neti yakale ya udzudzu yong'ambika ena amazunguliza m'munsi chifukwa cha anapiye.

Chachinayi, kufesa

Osapanga nazale, osaokera. Tinazolowera ndi tomato, repu ndi mpiru kuti timafesa pena n'kukaokera pena, katsabola zimenezo amakana. Muzu uja ukangogwedezeka amakwiya, amafota masiku angapo, akadzuka amangothamangira maluwa. Ndinayesa ndithu, ndinazula bwinobwino ndi dothi lake madzulo, mwa 20 amene ndinaokera anagwira bwino ndi ochepa ndipo onsewo anachita maluwa msanga kuposa anzawo amene sindinawakhudze. Fesani pomwe adzakulire.

Thirirani bedi dzulo lake kuti chinyezi chilowe. Lembani timizere ndi chala kapena kamtengo, kuya theka la sentimita basi, osapitirira sentimita imodzi, mzere ndi mzere masentimita 30. Njere ndi zopepuka ndiye ine ndimasakaniza ndi mchenga wouma wodzaza dzanja kuti zisagwere malo amodzi. Wazani mopatukana, kwirirani pang'ono ndi dothi losefa kapena mchenga, tsindirani ndi chikhatho. Pa makande kwirirani ndi mchenga osati makande omwewo chifukwa akauma amapanga chikhakha cholimba pamwamba ndipo kambewu kamalephera kuboola. Kenako yalani udzu wouma wochepa woti dothi lizionekera, thirirani ndi kheni ya sefa. Ndowa yokhuthula imakokolola njere zonse kukaziunjika kumapeto kwa bedi.

Kumera kumatenga masiku 10 mpaka 14, pena kufika masabata atatu. Musataye mtima n'kugaulanso. Masiku onsewa pamwamba pasaume, thirirani pang'ono m'mawa, kukachita dzuwa ndi madzulo omwe. Mukangoona timasamba tiwiri tatitali toonda tatulukira chotsani udzu uja tsiku lomwelo, mukachedwa timbewu timatalika toyera n'kugwa.

Chachisanu, madzi

Tikanena za madzi kuno tiyenera kunenanso za mchere. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, ina mpaka sopo sachita thovu. Mukathirira ndi amenewo kwa masabata angapo mudzaona pamwamba pa dothi payera ngati mwawaza ufa, nsonga za masamba zikupsa, mbewu yangoima osakula. Ngati pali chitsime cha madzi okoma kapena mtsinje pafupi tungani kumeneko. Ngati mulibe kuchitira mwina, musamathirire pang'onopang'ono kawirikawiri chifukwa ndi zimene zimaunjika mchere pamwamba, thirirani kwambiri kamodzi kuti mchere utsike pansi kupitirira mizu, ndipo phimbirani dothi kuti lisaume msanga. Za ku Shire sindikuyenera kukuuzani, ng'ona zilipo, musatume mwana madzulo chifukwa cha katsabola.

Akakula kufika ngati chala, siyani kuthirira tsiku ndi tsiku. Pa makande pakapita masiku atatu, pa mchenga masiku awiri, m'chigubu tsiku lililonse. Pisani chala m'dothi, mukamva chinyezi pofika pa mfundo yachiwiri dikirani. Thirirani pansi osati pamasamba. Koma asafike pouma gwa, ludzu nalo limamuthamangitsira ku maluwa chimodzimodzi kutentha. Masana akaoneka wolefuka koma madzulo n'kudzuka musadandaule ndi dzuwa chabe, akakhala wolefuka m'mawa ndiye kuti pali vuto, kaya ludzu kaya mizu yaola ndi madzi ochuluka.

Chachisanu ndi chimodzi, kupatulira ndi kupalira

Akafika masentimita 5 mpaka 8 patulirani, musiye mpata wa masentimita 20 kapena 25 pakati pa tsinde ndi linzake. Zimawawa mtima kuzula mbewu yoti wavutika nayo koma akathithikana amaonda onse. Thirirani kaye kenako zulani ofookawo, kapena dulani ndi sizasi pansi kuti musagwedeze otsala. Ozulawo musataye, tsukani muike mu mazira, ndiko kulawa kwanu koyamba.

Mwezi woyamba amakula mwaulesi ndipo udzu umamupitirira. Palirani ndi manja, khasu lisayandikire. Mukatha yalani udzu wouma kapena masamba pakati pa mizere kuti dothi lizizizira, koma muziyang'ana chiswe, chikayamba kumanga pansi pa udzu chotsani kaye masiku angapo.

Juni ndi Julayi kumawomba mwera, ndipo phesi la katsabola ndi lobooka m'kati ngati bango laling'ono, akatalika kufika m'chiuno, pena mita imodzi n'kupitirira, amagwa. Zikani mabango m'mbali mwa mzere n'kukokera chingwe cha mlaza kapena luzi mbali zonse ziwiri, osamanga mothina.

Za tizilombo

Chovuta kwambiri ndi nsabwe za m'masamba, zimaunjikana kunsonga ndi pansi pa maluwa, masamba amapotana n'kumamata. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika fufuzani, nsabwe zilipo. Zikakhala zochepa zitsukeni ndi madzi kapena fikisani ndi zala. Zikachuluka sungunulani kachidutswa ka sopo wochapira wa mtanda mu malita 5 a madzi, wazani madzulo dzuwa litapepa, m'mawa mutsukuluze ndi madzi abwino. Kapena sinjani masamba a nimu, viikani usiku wonse, sefani, wazani, nimu kuno ali paliponse. Kungoti ndi wowawa, dikirani masiku angapo musanakolole ndipo tsukani bwino. Mbozi zodula timbewu usiku fukulani m'mawa pafupi ndi tsinde lodulidwalo muzipeza zitadzipinda, zina zodya masamba tolani ndi manja mupatse nkhuku.

Chimene ndikupemphani, mankhwala otsala ku thonje aja asafike pa katsabola. Ndikudziwa m'nyumba zambiri kuno kabotolo kamakhalapo pa denga ndipo dzanja limayabwa ukaona nsabwe, koma awa ndi masamba oti mudya osaphika kwenikweni, mwinanso aawisi.

Akachita maluwa mudzaona njuchi, timavu ting'onoting'ono ndi tizilombo tofiira ta madontho akuda tija tikudzaza pamenepo. Musatiphe, tofiira tija chakudya chake ndi nsabwe zomwezo, n'chifukwa chake ine ndimasiya mapando angapo achite maluwa pafupi ndi kabichi ndi repu.

Kukolola masamba

Pakatha masabata 6 mpaka 8 chifesereni, atafika masentimita 20 kapena 30 ndi masamba osachepera asanu, yambani. Dulani ndi sizasi kapena tsinani masamba akunja akuluakulu, mtima wapakati musiye. Pa tsinde limodzi musachotse oposa gawo limodzi mwa magawo atatu nthawi imodzi. Kololani m'mawa. Fungo limakhala lamphamvu kwambiri maluwa asanamasule, mukaona phesi lapakati layamba kunenepa ndi kukwera tsinani nsonga, muchedwetsako sabata imodzi kapena awiri, koma akaganiza zochita maluwa waganiza basi simungamuletse.

Masamba ake amafota msanga kwambiri, ndi kutentha kwathu kuno ola limodzi pa tebulo afota kale. Imikani mu kapu ya madzi ngati maluwa kapena kulungani mu nsalu yonyowa. A furiji duladulani muike mu kabokosi m'chipinda cha ayezi, amasunga fungo bwino kuposa kuyanika, bola magetsi asamathimethime. Kufutsa ngati mfutso wa nkhwani ayi, mukawiritsa n'kuyanika padzuwa mutsala ndi udzu. Ngati mukufuna ouma yanikani aawisi pa lichero mu mthunzi, komabe fungo limachepa kwambiri, ine ndinasiya.

Pophika lamulo ndi limodzi, amalowa kumapeto. Mlamba kapena mphende yaiwisi, tomato, anyezi, adyo pang'ono, ikapsa tsitsani poto, wazani katsabola woduladula wodzaza dzanja, finyirani ndimu, vindikirani mphindi ziwiri. Fungo la matope la mlamba lija limazimiririka, apongozi anga amene poyamba ankati sadya maluwa pano amachita kuitanitsa. Amakomanso mu mazira okazinga, mbatatesi yowiritsa, ndi nkhaka zoduladula mu chambiko ndi kamchere. Amwenye amaphika masamba ambiri ndi mbatatesi kapena mphodza ngati ndiwo ndithu. Za gripe water zija ndangonena kuti mudziwe fungo, musapangire khanda wanu wa panyumba, mwana wosakwana miyezi 6 ndi bere lokha, akamavutika m'mimba pitani naye kuchipatala.

Za kugulitsa, pa msika wa Nchalo kapena Bangula musayembekezere mzere, anthu sanamuzolowere. Ofuna ndi ophika m'malo ogona alendo ngati a kufupi ndi Majete ndi Lengwe, kapena malesitilanti a ku Blantyre, koma kambiranani nawo kaye musanadzale mabedi khumi, ndipo kumbukirani kufota kuja pa minibasi yokwera Thabwa.

Kusunga njere za chaka chamawa

Ogasiti akamatha kutentha kukuyamba, musalimbane naye, musiyeni achite maluwa. Amatuluka achikasu, otambasuka ngati ambulera. Sankhani mapando amphamvu amene anachedwa kuchita maluwa, amenewo ndiwo a mbewu, osati othamanga aja, chifukwa mukasunga njere za wothamanga mukuweta khalidwe lomwelo. Chepetsani madzi. Pakatha masabata awiri kapena atatu maluwa atayoyoka njere zimasintha kuchoka kobiriwira kukhala zofiirira, ndipo zikauma zimagwa zokha ndi kamphepo kalikonse, ndiye musadikire kuti zonse ziume. Ambulera ikafiirira mbali yaikulu dulani m'mawa ndi phesi lake, zondotsani mu thumba la pepala kapena yalani pa lichero mu mthunzi sabata imodzi kapena awiri. Pulasitiki ayi, zimachita nkhungu. Zikauma fikisani m'manja, petani pang'onopang'ono chifukwa ndi zopepuka zingauluke ndi mankhusu omwe, thirani mu botolo louma lotseka bwino, lembani chaka, ikani pamalo ozizira m'nyumba osati pafupi ndi malata. Zimatha kukhala zaka zitatu zikumerabe koma ndi kutentha kwa kuno ine ndimafesa za chaka chathachi basi, zotsala ndimakazinga pang'ono n'kusinja zothira mu achali ya mango a Novembala. Zina zimene zinagwera pansi zidzamera zokha mvula yoyamba ikagwa, mudzasangalala, koma sizipita patali, tsinani muthire mu mazira zisanaole, botolo lija lidikire Meyi.